Mayi Taipi ndi Chifundo cha Mlamu Wawo

Mayi Taipi analowa ntchito nthawi imene m'maofesi munkasokosa makina otaipira, aja ankaliza kabelu ukafika kumapeto kwa mzere. Dzinali anapatsidwa masiku amenewo, ndipo linawakakamira ngakhale makinawo atatayidwa, makompyuta atabwera. Anzawo a nthawiyo ena anapuma, ena anatsikira kulichete. Iwo anatsala, magalasi ali pamphuno, akuphunzira chatsopano chilichonse uku akung'ung'udza.

Mwamuna wawo anamwalira banja lisanapite patali, asanabereke mwana, ndipo sanakwatiwenso. Amene analera ndi mng'ono wawo, chitsirizira, yemwe anamutenga ali ku pulayimale makolo atatha. Anamuphunzitsa mpaka anakwatiwa. Mwamuna wa mng'onoyo ankadziwa za makompyuta koma analibe ntchito, ankangoyenda ndi chikwama cha zingwe n'kumakonza mafoni a anthu. Mayi Taipi ndi amene anakamugogodera chitseko cha abwana, nawachonderera mpaka anamulemba ntchito. Kuyambira pamenepo awiriwa ankatsika minibasi imodzi, n'kukwera masitepe amodzi uku akunyogodolana.

Bungwe lawo linali laling'ono, lolemba nkhani zolangiza alimi a nkhuku, mbuzi ndi nkhumba. Ofesi inali pamwamba pa sitolo ya penti, moti fungo la penti linkalowa ngakhale m'mabisiketi. Ntchito yonse inkaonekera pa pulogalamu ina imene aliyense ankaitsegula m'mawa. Nkhani iliyonse inali ndi kakhadi kake. Wolemba akamaliza ankakokera kakhadiko kwa mkonzi, mkonzi akakhutira ankakakokera pa mzere wa zokonzeka. Apo ndiye panali pa Mayi Taipi. Ankatsegula kakhadiko, kukopera mawu, kukawaika pa tsamba la bungwe la pa intaneti, kukonza mutu, kusankha chithunzi, n'kudina kuti nkhani ituluke. Akatero ankadzuka pampando, ulendo ku desiki ya wolembayo.

"Achimwene, nkhumba zanu zija zatuluka m'khola."

"Zikomo, mayi. Sizinakulumeni?"

Macheza a tsikulo ankayambira pamenepo.

Chimene chinawavuta ndi nyamakazi. Kukazizira, zala zinkatupa ngati nthochi, ndipo asanagwire kompyuta ankayamba kaye azifunditsa pa kapu ya tiyi. M'mawa wina kapuyo inawapulumuka n'kusweka. Mlamu wawo anabwera ndi tsache.

"Alamu, zala zimenezi muzipha," anatero akusesa zidutswa za kapuyo.

"Zikafa mudzandilumikizira zina. Si inu a zingwe?"

"Ine ndikunena zoona. Tandionetsani zonse zimene mumachita nkhani ikafika kwa inu. Musadumphe kanthu."

Mayi Taipi anakondwa, chifukwa panali pasanakhale munthu wowafunsa zimenezo. Anamukokera mpando namuonetsa zonse: kuti mutu usamatalike, kuti chithunzi chizikhala pamwamba, kuti nkhani za matenda ziziikidwa pazokha. Iye ankangogwedeza mutu. Sabata yonseyo sanapite kukadya masana, anali gwa pa kompyuta yake.

Atamaliza anawaitana. "Tayang'anani apa."

Anakokera kakhadi kamodzi pa mzere wa zokonzeka, kenako anapinda manja. Atatsegula tsamba la bungwe, nkhani ija inali itatuluka kale, mutu uli m'malo mwake, chithunzi chili pamwamba. Foni ya wolemba nkhaniyo inalira pa desiki, kumuuza kuti yatuluka.

"Ndalumikiza pulogalamu ya makhadi ndi tsambali, tsopano zizilankhulana zokha," anatero mlamuyo, mano onse ali pamtunda. "Inu muzingoyang'anira. Zala zipume."

"Ufiti umenewu!" anatero Mayi Taipi, akuseka mpaka misozi. Tsiku limenelo anamugulira chakumwa chozizira.

Masabata oyamba anali okoma. Zala zinaphwa pang'ono. Ankawerenga nkhani iliyonse ikatuluka, kufunafuna cholakwika choti akonze, koma sankachipeza. Poti mafoni ankauza olemba okha, analibenso chifukwa chodzukira pampando, ndipo nthabwala za nkhumba zija zinatha popanda wozithetsa. Wina akamadutsa kumbuyo kwawo, ankafulumira kugwira kompyuta ngati ali kalikiliki. Ulesi sanauzolowere, choncho anayamba kutsuka makapu ndi kupukuta madesiki. Tsiku lina mesenjala anawatsekera njira pakhomo la kukhitchini.

"Mayi, ndimakulemekezani. Koma mukamatsuka makapu inu, ana anga adya chiyani?"

Anabwerera pampando wawo. Mawu a mesenjala aja ndi amene anawatsegula maso.

Abwana sanali munthu woipa. Anawaitana masana ena, anawapatsa mpando wofewa, nayamba ndi kufunsa za zala. Kenako anazungulirazungulira: otithandiza ndi ndalama akufunsa ntchito ya aliyense, zinthu zasintha, inunso mwagwira ntchito nthawi yaitali.

"Sitikukuchotsani, mayi. Tikukupumitsani."

"Kupuma ndayamba kale, bwana," anatero. "Kungoti ndimapumira muno."

Abwana anayang'ana pawindo.

Mlamu uja atamva, analowa mu ofesi ya abwana osagogoda. Mayi Taipi ankamva mawu ake kudutsa pakhoma. Ankati akhoza kumasula zonsezo tsiku lomwelo, zinthu zibwerere mwakale. Abwana anamuyankha mofatsa kuti madzi akatayika saoleka, ndipo akazimasula iye adzaitana wina adzazilumikizenso. Anawonjezera kuti bungwe lina lamva za luso lake ndipo likumufuna akalithandize. Mlamuyo anatuluka nkhope ili pansi, nadutsa pa desiki ya alamu ake ngati palibe munthu.

Tsiku lotsanzikana panali keke ndi zakumwa. Mkonzi analankhula bwino, anati Mayi Taipi anali mlatho wa ofesiyo. Ali pakati polankhula, foni ya wolemba wina inalira m'thumba, nkhani ina itatuluka, ndipo ena anaseka asanazindikire. Mlamu anaima pafupi ndi chitseko, keke sanaigwire.

Kunyumba moto unabuka. Mng'ono wawo uja anafika maso ali psuu, ananena kuti wasamukira kuchipinda kwa ana, mwamuna wakeyo sakufuna n'kumuona komwe.

"Achemwali, munthu munamutola pamsewu ndi chikwama cha zingwe, lero akuthokozeni chonchi?"

"Khala pansi, iwe. Walakwa chiyani? Anaona zala zikutupa."

"Ndiye anakuuzani kuti zidzatha chonchi?"

"Iyenso sankadziwa. Pita kwanu ukasamale banja lako. Usandiwonjezere chisoni china."

Anamuperekeza mpaka pamsewu, ndipo banjalo linakhalanso bwino. Koma zimene anauza mng'ono wawozo, mtima wawo womwe sunazimve. Mlamuyo atabwera Loweruka lina ndi thumba la shuga ndi sopo, anamulandira bwino, anamufunsa za ana, za mvula, za minibasi. Nthabwala sizinabwere. Onse ankangoyang'ana nsalu ya patebulo.

"Alamu," anatero iye pomaliza, "ntchito yolumikiza ija si yovuta. Ndikhoza kukuphunzitsani. Mabungwe ambiri akuifuna, tiziyenda limodzi."

"Kuti nanenso ndizikapumitsa anzanga?"

Sanafune kuti mawuwo atuluke akuthwa choncho, koma anali atatuluka. Mlamuyo anadzuka n'kutsanzika.

Masiku ano Mayi Taipi amathandiza pa kashopu ka mnzawo wa kutchalitchi, kamene amapangirapo fotokope pafupi ndi siteji ya minibasi. Amataipira ana a sukulu zolemba zawo, nthawi zina ndondomeko za maukwati ndi za maliro. Ntchito imabwera mwa apo ndi apo, ndipo masiku ambiri amangokhala pabenchi n'kumaona anthu akutsika ndi kukwera. Tsamba la bungwe lija salitsegula. Mlamu wawo anakwezedwa, anagula kagalimoto kakale, ndipo anthu amati ntchito yake ndi yaukhondo.

Lamlungu lina mng'ono wawo anabwera ndi ana kudzawaona. Anawo anathamangira m'nyumba akukuwa kuti amayi aakulu, amayi aakulu, n'kuwakumbatira m'miyendo. Mayi Taipi anali ataphika chakudya cha onse. Anasuzumira pawindo naona galimoto itaima patali, pansi pa mtengo, bambo wa anawo ali momwemo.

"Bwanji sakulowa?"

"Akuti ali ndi foni yoti aimbe," anatero mng'ono wawo, akuyang'ana kumbali.

Anadikira mpaka chakudya chinayamba kuzizira. Kenako anatuma mwana wamkulu kuti akaitane bambo ake, akawauze kuti alamu awo akuti asachite manyazi, alowe adzadye. Mwanayo anapita akudumphadumpha, nabwerera yekha.

"Galimoto yachoka. Anthu a pamenepo akuti anena kuti akukathira mafuta, abweranso kudzatitenga."

Mayi Taipi anachotsa mbale imodzi patebulo naibwezera m'kabati. Anauza ana kuti asambe m'manja, ndipo mng'ono wawo anapemphera.