Mphezi ndi Batani la Jekete

Inu amene mwatsala pang'ono kusiya ntchito yomwe mumaikonda chifukwa thupi kapena moyo wakuchepetsani, imani kaye. Ndikufuna ndikuuzeni za munthu wina woimba gitala amene anzake ankamutcha Mphezi.

Masana a tsiku lomwe nkhaniyi ikuyambira, Mphezi anali chogwada m'chipinda chomwe bandi yawo inkakonzera nyimbo, akufufuza kapiki kake pansi pa mipando. Kapiki ndi kachidutswa kapulasitiki kaja kamene oimba gitala amapana ndi zala pomenya nsambo. Kanali katamupulumuka kachinayi m'nyimbo imodzi yokha. Anzake onse maso anali kumbali, woimba ng'oma akunamizira kumanga bawuti lomwe silinamasuke n'komwe.

Dzina la Mphezi sanam'patse mwachipongwe. Kwa zaka khumi dzanja lake lamanja linkathamanga pansambo moti anthu m'maukwati ankasiya kuvina n'kumangoyang'ana zala zake. Mkati mwa sabata ankagwira ntchito pafakitale yopanga zitini. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina makina odula malata anam'dula chala cholozera cha dzanja lamanjalo, chala chomwe chimathandizana ndi chachikulu kugwira kapiki. Ntchito ya kufakitale inathera pomwepo. Chomwe chinam'tsalira chinali mpando wake m'bandi.

Mkulu wa bandi, bambo wofatsa woimba kiyibodi, anadikira kuti ena onse atuluke.

"Achimwene, takudikirani miyezi isanu ndi umodzi," anatero mkuluyo. "Mwezi wamawa tikukajambula chimbale cha nyimbo khumi. Lachisanu lomaliza la mwezi uno mudzatiimbirenso. Zikadzatheka, mpando ndi wanu. Zikadzakanika, tiitana wina. Musandide."

"Sindingakudeni, akulu," anayankha Mphezi. Kapiki kaja anakapeza pansi pa nsapato yake yomwe, n'kumapita kwawo.

Tsopano mverani pomwe mnzathuyu analakwitsa, chifukwa ambiri timagwera pomwepo. Iye anaganiza kuti dzanja lofooka limafuna kapiki kofewa. Ndi maganizo omveka ndithu, paja wodwala mano sitim'patsa fupa. Choncho anasiya kapiki kake kakale n'kukagula topyapyala kwambiri, tomwe ukatiloza kudzuwa umaona chala kuseri kwake. Poona kuti sitinafewe mokwanira, anayamba kudzidulira take kuchokera pa zivundikiro za mabotolo a mafuta odzola.

Kapiki kopyapyala kali ndi ntchito yake, tisakanyoze. Kwa munthu wa zala zonse amene akupalasa nsambo zisanu ndi imodzi nthawi imodzi, kamatulutsa mawu owala ndi opepuka. Koma kamapinda. Kakakhudza nsambo kamayamba kagonja kaye, kenako n'kufwamphuka mochedwa, ndipo kuti mawu amveke pamafunika kukapana zolimba ndi kugwedeza mkono wonse. Mphezi ankakapana ndi chala chachikulu ndi chapakati, zala zomwe zinali zisanagwirepo ntchitoyi limodzi. Akalimbitsa, mkono unkatupa. Akafewetsa, kapiki kankauluka. Gitala inkangolira kuti phatha phatha, pulasitiki n'kumamveka kuposa nyimbo.

Anayesa zonse. Anakulunga kapiki ndi tepi. Anadzipaka guluu wa nsapato kuzala, n'kutha masiku awiri akumatirira ku chilichonse chomwe wagwira. Mkazi wake, amene anali telala wosokera pakhonde la nyumba yawo, ankatola timapiki posesa: pansi pa bedi, m'nsapato, kena m'beseni la zovala. Tina tinkagwera m'bowo la gitala, ndiye mukanamuona munthu wamkulu ndi ndevu zake atanyamula gitala pamwamba pa mutu, akuigwedeza ngati akukutumula thumba.

Sabata ziwiri zinatha chonchi. Tsiku lina m'mawa anapukuta gitala bwinobwino n'kuiika pamwamba pa kabati. Sanakalipe, sanalire. Anangomva chisoni chachete, cha munthu amene wazindikira kuti chinthu chokhacho chimene ankadziwika nacho chamuchokera.

Panapita masiku atatu. Tsiku lachinayi Mphezi anali atakhala pafupi ndi makina osokera, akungoyang'ana odutsa mumsewu. Mayiyo anali akuchotsa mabatani pa jekete lakale lolemera lomwe mwini wake ankafuna amuikirepo atsopano. Anali mabatani asanu, akuluakulu, okhuthala, a nyanga ya ng'ombe. Mphezi anatola limodzi n'kumalipukusa pakati pa zala zake ziwiri zija, maganizo ali kwina.

"Bambo," anatero mkazi wake osadzutsa mutu, "ola lathunthu mukusewera ndi batanilo, ndipo silinagwe ngakhale kamodzi. Timapulasitiki tanu tija bwenzi titafika kale kwa aneba."

Mphezi anayang'ana dzanja lake. Zinali zoona. Batanilo linali ndi mabowo anayi pakati, ndipo khungu la zala linkalowa pang'ono m'mabowomo n'kuligwira lokha popanda kulimbitsa. Anakatsitsa gitala ija, n'kumenya nsambo imodzi yaikulu.

Mawu amene anatuluka anali asanawamvepo pa gitala yake. Anali onenepa, akuya, otenga nthawi kuti azime. Mkazi wake anaimitsa makina.

"Tabwerezani," anatero.

Anabwereza, koma m'mphepete mwa batani munali mokhakhala moti linkakola nsambo. Mayiyo anam'thira mabatani onse asanu m'dzanja. "Pitani nawo kwa achimwene anga. Tupa ali nayo, ndipo pakamwa pawo pakusowa wocheza naye."

Mlamu wake wa Mphezi ankadula makiyi m'kashopu kakang'ono pafupi ndi pokwerera mabasi. Anali munthu wanthabwala amene sankadziwa nyimbo ngakhale imodzi mpaka kumapeto. Atamva nkhani yonse anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Alamu, ndiye mwavutika sabata zonsezi osandifunsa ine katswiri? Tamverani. Kiyi wopyapyala amapindika m'loko, mwini wake n'kumatuluka thukuta pakhomo pake pomwe. Kiyi wolimba umangom'khudza pang'ono, chitseko chatseguka. Dzanja likachepa mphamvu, chida ndiye chizilimba. Inu munafooketsa zonse ziwiri."

Oimba magitala ndimawadziwa ine. Mawu akaipa amaloza nsambo, amaloza sipika, amaloza wosakaniza mawu, ena mpaka kugulitsa gitala yabwinobwino. Kapiki, kanthu kokhako kamene kamakhudzadi nsambo, palibe amakaganizira. Zinatengera wodula makiyi kuti anene. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo Mphezi anangokhala pa benchi n'kutulutsa gitala m'chikwama.

Mlamu anapana batani loyamba n'kulipala ndi tupa mpaka linakhala ndi nsonga. Analisongola kwambiri, ndipo pansambo linkalira mobaya m'makutu. Batani lachiwiri analisiya lobulungira, mawu n'kumatuluka ngati munthu akuimba atafunda bulangeti. Batani lachitatu linasweka pakati. Apa nthabwala zinachepa, chifukwa anatsala awiri okha. Batani lachinayi analigwira masana onse: Mphezi amenye nsambo, anene chomwe wamva, mlamu apale pang'ono, amenyenso. Pomaliza anapala mbali imodzi ya nsonga mopendekera kuti izitsetsereka pansambo m'malo mokola, n'kuisalaza ndi sandipepa.

Musaganize kuti batani linaimba lokha. Kunatsala masiku asanu ndi anayi, ndipo Mphezi anayenera kuphunzira gitala ngati akuiona koyamba. Kapiki kokhuthala sikabisa kanthu. Ukamenya mwamphamvu kamakuwa, ukakhudza pang'ono kamanong'ona, ukalakwitsa aliyense amamva. Anaphunzira kukagwira mofewa. Anasiya kugwedeza mkono wonse n'kumangoyendetsa dzanja pang'ono. Anazindikira kuti akakapendeketsa mawu amafunda, akakawongola amawala. Kuyambira m'mawa, mkazi wake akamapalasa makina, iye ankabwereza mzere umodzi wa nyimbo.

"Ndamaliza madiresi atatu, inu mukadali pamzere womwewo?" ankam'seka mayiyo. Iye ankangomwetulira n'kuyambiranso, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimodzi chokha chinakana kubwerera, liwiro. Ankati akalithamangira, mkono unkam'kanira. Zinam'pweteka kwambiri mumtima, chifukwa liwirolo ndi lomwe ankanyadira moyo wake wonse. Tsiku lina anadandaula kwa mkazi wake kuti popanda liwiro iye ndi woimba wamba.

"Ine makasitomala anga sabwerera chifukwa ndimasoka msanga," anayankha mayiyo akuluma ulusi. "Amabwerera chifukwa msoko wanga sumasuka."

Kuyambira pamenepo anayamba kusankha. Pomwe kale ankamenya nsambo kakhumi, tsopano ankamenya katatu, n'kusiya mawu aliwonse kuti alire mpaka azime okha.

Lachisanu lija linafika. Bandi inayamba ndi nyimbo yothamanga, ndipo kunena zoona Mphezi anatsalira m'mbuyo. Kapiki sikanagwe, koma mkulu wa bandi anakwinya nkhope. Nyimbo yachiwiri inali yodekha, yotsogoleredwa ndi mayi woimba wa bandiyo, amene mawu ake anali aang'ono koma okoma. Mphezi analowa mwakachetechete, akumenya pomwe mayiyo akupuma, akumusiyira malo pomwe akukweza. Pakati pa nyimbo mayiyo anatsinzina. Woimba ng'oma anachepetsa mphamvu popanda womuuza. Nyimbo itatha onse anayang'ana kwa Mphezi.

"Mwagula gitala ina?" anafunsa mkulu wa bandi.

"Ndi yomwe ija, akulu." Mphezi anatambasula dzanja. Woimba ng'oma atasuzumira n'kuona kuti ndi batani, anaseka mpaka kugwetsa ndodo.

Mayi woimba uja sanaseke. "Achimwene, ndikuuzeni zoona," anatero. "Zaka khumi ndakhala ndikukuwa kuti ndimveke pamwamba pa gitala yanu. Lero ndi koyamba kudzimva ndekha ndikuimba."

Mawu amenewa anam'lasa Mphezi, komanso anam'tonthoza. Anachita manyazi ndi zaka zomwe ankangodzimvera yekha, ndipo anakondwa kuti dzanja lake lopunguka lachita chomwe lathunthu silinachitepo.

Anaimba nyimbo zonse khumi. Pomaliza mkulu wa bandi anazimitsa kiyibodi n'kutembenukira kwa Mphezi.

"Nyimbo ziwiri zothamanga zija tiitana wina, zimenezo sindikubisirani," anatero. "Koma zisanu ndi zitatu zotsalazo sindikufuna dzanja lina. Lolemba mulawirire ku situdiyo."

Chimbale chitatuluka, oimba ena anayamba kufunsa kuti gitala yolira chonchija akuimba ndani. Lero Mphezi sasowa womuitana, makamaka oimba amene akufuna kuti mawu awo azimveka. Chala sichinamere, ndipo nyimbo zothamanga amazisiyira ena mpaka pano. Koma banja lake likudya za gitala, ndipo amene anam'dziwa kale amanena kuti tsopano ndi pomwe wayamba kuimba.

Mwina nanunso pali chomwe moyo wakudulani, ndipo mukudzipweteka pofuna kuchita zinthu mmene munkachitira kale. Musanagamule kuti mwatha, yang'anani kaye kanthu kakang'ono kamene mwagwira m'manja, mwina vuto lili pamenepo osati mwa inu. Musachite manyazi kufunsa ngakhale kwa munthu amene si wa ntchito yanu. Sinthani kagwiridwe, yesaninso, vomerezani chomwe chapita n'kulimbikira ndi chomwe chatsala. Mwina simudzathamanganso, koma pali anthu amene akudikira kumva zomwe inu nokha mungathe mukadekha.

Osataya mtima, abale anga. Dzanja lomwe muli nalo lerolo likukwanira kuyambiranso.