Dzanja Langa pa Wailesi ya Kuchipatala

Fungo la mtovu wosungunuka limandibwezera kwathu, kuseri kwa Mkanda, dzinja lija ndili Sitandade 3, zipani zitangochuluka kumene. Bambo anali okonza mawailesi. Chitsulo chawo chowotcherera ankachitenthetsa pambaula, pakhonde, pakati pa mabatire akutha ndi nkhuku zousa mvula.

Chaka chimenecho amayi anali oyembekezera, ndipo anamwino a pachipatala chathu chaching'ono ananena kuti mwana wakhala mopingasa. Tsiku likadzafika, padzafunika ambulansi yochokera kuboma. Foni kunalibe. Kunali wailesi ya mauthenga yokha, yoyendera batire la sola, koma nayo inali itayamba matenda. Anamwino akangolankhulapo pang'ono, kumbuyo kwa wailesiyo kunkatentha ngati ayironi ya makala, batire n'kutha dzuwa lisanafike pamutu. Ndi mitambo ya Januwale, silinkadzadza n'komwe.

Bambo atapemphedwa kukaiona, ananditenga. Anati zala zawo zinafa kalekale ndi moto, sizimvanso kutentha, choncho akufuna dzanja langa.

Vuto analipeza panja, pamlongoti wa bulugamu. Mphepo itadula waya wa eriyo, alonda a pachipatalapo, a Zuze, anaulumikiza ndi waya wa mpanda, n'kuwonjezerako mikono iwiri.

"Waya wautali ndiye amafika kutali, achimwene," anatero a Zuze, chifuwa chili patsogolo.

"Mukanawonjezerako wina, bwenzi tikuitana ambulansi ya ku Chipata," anaseka bambo. Kenako anawafotokozera modekha kuti wailesi iliyonse ili ndi muyeso wa waya wake. Muyeso ukalakwika, mphamvu siituluka yonse, imabwerera n'kusanduka moto. "Batire lanu likuphika chitsulo m'malo motumiza mawu."

Ntchito inatenga masiku atatu. Ankatsitsa mlongoti, kudula waya kutalika kwa chala, n'kuukwezanso. Anamwino ankadina batani, ine n'kuika chikhatho kumbuyo kwa wailesi, ndikuwerenga mpaka twente. M'chipindamo munkanunkha sipiriti ndi zitenje zonyowa. Nthawi iliyonse ndinkati, "Kukutenthabe," bambo n'kubwerera m'matope. Azimayi a kusikelo ankawaseka kuti waya utha, atsala ndi mtengo wokhawokha.

Tsiku lachitatu masana ndinawerenga mpaka twente, ndinapitirira mpaka fote, osachotsa dzanja. Chitsulocho chinali chofunda chabe, ngati dzira longoikiridwa kumene. Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali. Atatero anatsegula wailesiyo n'kupotoza kanthu kena mkati kuti ichepetse mphamvu, amvekere kuboma si kutali koti n'kuchita kukuwa.

Anamwino anaitana. Mawu a mwamuna anayankha momveka ngati ali pakhomo pomwepo: "Tikukumvani bwinobwino, asisita. Mwagula yatsopano?" Nthungululu za azimayi aja zinamveka mpaka kumsika. A Zuze anavula chipewa n'kupempha zidutswa za waya wawo. Tsiku limenelo batire linafika madzulo.

Amayi anayamba kudwala m'mawa wina, mvumbi utagwa masiku anayi dzuwa osaoneka. Wailesi inayankha ulendo woyamba womwewo. Ambulansi inafika ili matope okhaokha, ndipo mlongo wanga Limbani anabadwira kuboma, pa opaleshoni. Kusukulu ndinauza aliyense kuti dzanja langa ndi limene linakonza wailesi, ndipo palibe anatsutsa.

Bambo tinawaika chaka chatha. Titabwera kumanda ndinawakumbutsa amayi nkhaniyi, iwo n'kumwetulira koyamba sabata imeneyo. Anati zala za bambo zinkamva bwinobwino, ndi zomwezo ankatigwira nazo pamphumi tikadwala malungo. Koma masiku amenewo bambo anaona kuti ndasiya kudya, ndikungokhala pambali pa amayi n'kumayang'ana mimba yawo, ndiye anandipezera chogwira. Ndinayang'ana chikhatho changa, ine ndi amayi n'kuyamba kuseka, ndipo Limbani, yemwe anali akukulunga m'nsalu chitsulo chowotcherera chija kuti apite nacho, anafunsa chimene tikuseka.