Ndodo za a Celestino

Tinanyamuka ku Rockville, kuno ku America, Loweruka cha m'ma 9 koloko m'mawa, ine ndikukankha chikuku, a Celestino atakumbatira ndodo zawo ziwiri ngati khanda. Munali mu 1996. Mkuluyu anali wa ku Philippines, katswiri wophunzitsa ndewu ya ndodo yotchedwa arnis, ndipo ndinkawasamalira kunyumba ya okalamba komwe ndinkagwira ntchito. Sitiroko inali itawafooketsa mbali yonse yakumanzere. Tsikulo amakapereka ndodozo kwa wolowa m'malo mwawo ku Landover, koma iwo anali atalumbira kuti sangapereke ali chikhalire. Vuto linali loti kwa miyezi isanu ndi umodzi anali asanaimirirepo okha.

"Ndikakagwa pamaso pa ophunzira anga, ukandisiye pomwepo, Esnart," anatero tili pasiteshoni. Ndinawaseka, koma mumtima ndinali ndi mantha.

Sitima inatidya madola atatu aliyense. Itangonyamuka, nkhani zinayamba. Akuti iwo anayamba arnis ali ndi zaka zisanu ndi zinayi pachilumba cha Cebu, amalume awo akuwakwapula zala m'munda wa kokonati mpaka anaphunzira kuzinda. Atakula anakhala khukhi wa sitima yapamadzi, n'kumayeserera ndi mithiko anzawo akapita kokapuma. Kuno ku America anayamba ndi ophunzira atatu m'galaja ya mnzawo, galimoto ataikankhira panja.

Pakati pa mzinda wa Washington tinatsika kuti tisinthe sitima. Chikepe chinachedwa, ine n'kuyamba kung'ung'udza m'Chichewa. Mayi wina wa ku Zambia anatembenuka. "Ndimwe a ku Malawi? Nanga aba amadala na nkoli zawo, bayenda ku nkhondo?" Nditawamasulira, a Celestino anangoti, "Uwauze kuti eya." Sanamwetulire n'komwe.

Ku Landover tinafika cha m'ma 11. Sukulu yawo inali m'chinyumba chosungiramo katundu, kuseri kwa malole. Mkatimo munali fungo la nkhuku yophika ndi viniga, ndipo ophunzira anali atandanda. Mmodzimmodzi ankabwera, kutenga dzanja la mkuluyo n'kuligunditsa pamphumi pake. Womaliza anali Lorna, namwino yemwe anaphunzira kwa iwo zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Palibe anauzidwa za wolowa m'malo, koma maso a aliyense anali pa iyeyo.

Nthawi itakwana, a Celestino anafuna kumasula dzanja lawo labwinolo kuti ndiwadzutse, ndiye anandipatsira ndodozo kuti ndiziike pambali. Apa m'pomwe ndinaiputa. Ine wa ku Dedza, wamkulu akandipatsa chinthu pagulu sindiganiza kawiri. Ndinangopezeka ndagwada, n'kulandira ndi manja awiri, mutu woweramitsa.

Wina kumbuyo anayamba kuwomba m'manja, ena n'kutsatira. Nditadzutsa maso ndinaona Lorna akuwombanso, misozi ili m'maso. Ine mayo, anthu akuyesa kuti mphunzitsi watsopano ndine, munthu woti ngakhale nkhuku ndimaopa kupha.

"Ayi, ayi, si ameneyu," anatero a Celestino. Phokoso linawameza mawu. Ananenanso, osamveka. Ndipo ine ndili chigwadire, manja odzaza, ndinangoona mapazi awo akuponda simenti. Mkulu uja anagwira chikuku, n'kudzuka yekha, akunjenjemera, kuseka kwinaku akundikalipira. Ananditsomphola ndodo zija n'kuitana Lorna. Anapereka ataimirira.

Pobwerera, tili m'sitima ya 4 koloko, ine ndikudya timasamusa tawo tating'ono tomwe anatilongedzera, anandiyang'ana cham'mbali.

"Unachita dala iwe."

Ndinakana, ndipo mpaka lero ndimakana. Koma ndinazindikira kuti miyezi yonse ija ndinkathamangira kuwagwira asanayese n'komwe. Lolemba m'mawa nditafika ndi chikuku kuti tipite kokadya, anandiuza kuti ndichisiye pakhomo, nditsogole.