Mtsikana Wokulunga Mawaya ndi Dzenje Lakuda

Inu amene mwalephera mayeso n'kumaona ngati dziko lakutherani, tamverani za mtsikana wina amene analephera kawiri konse.

Zotsatira zachiwirizo zitatuluka, dzina lake panalibe. Analira mpaka maso kutupa. Bambo ake, mmisiri wokonza mafani ndi mawailesi, sanamukalipire. Anangomukokera mpando mu shopu n'kumupatsa waya wakopa.

"Sukulu yakukana, mwanangu. Phunzira kukulunga mota ya fani."

Koma mwanayu anali ndi matenda amodzi, kufunsa, moti makasitomala ankangomutcha Mafunso. Tsiku lina anakulunga waya pa chitsulo n'kulumikiza ku batire, chitsulocho chinayamba kunyamula timisomali.

"Ababa, magetsi akusanduka bwanji maginito?"

"Zimangotero. Iwe kulunga, mwini fani akubwera masana."

Yankho limenelo linamusowetsa mtendere. Loweruka lililonse ankapita ku laibulale manja ali bii ndi girisi, ndipo anapeza zoti magetsi ndi maginito ndi mphamvu imodzi yooneka pawiri. Anawerenganso kuti mphamvu zikuluzikulu m'chilengedwe zilipo zinayi: ya magetsi ndi maginitoyo, yokokera zinthu pansi, ndi ziwiri zogwira ntchito mkati mwa atomu, kanthu kochepetsetsa komwe kamapanga zinthu zonse. Akatswiri amaganiza kuti pachiyambi penipeni, chilengedwe chikadali chotentha kosaneneka, zonsezi zinali imodzi, n'kumagawikana pamene chinkazizira. Koma yokokera pansi ija ndi yamakani, mpaka lero imakana kulowa m'masamu amodzi ndi zinzake.

Patatha zaka zisanu Mafunso analembanso mayeso, n'kukhoza. Ku yunivesite, malo a ophunzira achikulire ngati iye anatsala amodzi okha, ndipo kofunsidwa mafunso munthu ankaitanidwa kamodzi basi. Akanaphonya apa, mafani akanakhala moyo wake wonse.

Akunyamuka, bambo ake anamupatsa malangizo a ntchito.

"Mmisiri sanena kuti sindikudziwa pamaso pa kasitomala. Zikakuvuta, umangoti mubwere mawa."

M'chipinda chofunsiramo mafunso munali aphunzitsi atatu. Wamkulu wawo, mayi wa imvi, anati, "Tiuzeni za dzenje lakuda."

Mafunso anafotokoza kuti nyenyezi yaikulu kwambiri ikamafa imadzigwera yokha, ndipo kukoka kwake kumakula moti ngakhale kuwala sikuthawamo.

"Chabwino. Nanga pakati penipeni pa dzenjelo pali chiyani?"

Ndikunena pano, mwana wa mmisiriyu anatsala pang'ono kuuza mphunzitsi wamkulu kuti abwere mawa. Koma mabuku aja anawerengadi, ndipo bodza linamukanika.

"Sindikudziwa, mayi. Masamu amati zonse zimapanikizika pa kadontho kopanda kukula, kenako amatulutsa nambala yopanda malire. Ku shopu kwathu, mita yoyezera magetsi ikasonyeza zotero timayamba takayikira mitayo. Mwina mphamvu yokoka ija ikadzagwirizana ndi zinzake zitatu tidzaona bwino. Koma ine sindikudziwa."

Anaweramitsa mutu, mumtima akuti basi, zatha.

Mayi aja anaika cholembera pansi. "Lero mwalowa anthu khumi ndi mmodzi muno, ndipo khumi onse amadziwa zimene zili pakati pa dzenje lakuda. Ine ndafufuza zaka makumi atatu, sindikudziwabe. Malo aja ndi anu. Bwerani tidzafufuze limodzi."

Atafika kunyumba n'kufotokoza, bambo ake anagwira pakamwa.

"Wawauza kuti sukudziwa, ndiye akutenga? Koma sukulu za masiku ano."

Anaseka, kenako anatembenukira kukhoma kuti mwana asaone misozi.

Lero Mafunso amaphunzitsa pa yunivesite yomweyo. Zimene zili pakati pa dzenje lakuda sanazipezebe, ndipo m'mawa uliwonse amadzuka ndi chidwi chomwecho.

Ine zimandiwawa ndikaona munthu akudziyesa mbuli chifukwa choti pepala la mayeso linamukana, kapena akubisa funso lake poopa kusekedwa. Ngakhale ophunzira kwambiri ali ndi pamene nzeru zawo zimathera, ndipo amayambira pomwepo kugwira ntchito. Inunso pamene simukudziwa nenani poyera, kenako kafufuzeni. Mwagwa kawiri? Dzukani mukalembenso kachitatu, mtima musautaye.