Kafani ka Oddvar

Oddvar atapuma pa ntchito yoyendetsa basi ku Tromsø, anagula kompyuta ya magemu n'kuyamba kuyendetsa mathiraki a pa sikirini. Koma kafani koziziritsa khadi la zithunzi m'kompyutamo kanali ndi khalidwe lake. Kompyuta ikangokhala, kankazungulira mwaulesi n'kumalira kuti tche-tche-tche. Gemu ikayamba, kankathamanga ndipo phokoso linkatheratu.

"Ukuona, Gunvor?" ankatero kwa mkazi wake. "Sikuti ndimakonda kusewera ayi. Ndimachitira makutu akowo."

Nyengo yozizira inkapita choncho, chipale chofewa chikuunjikana pakhomo, fosholo ili phee pakona.

Tsiku lina Oddvar atapita kukagula nsomba, Gunvor anatsegula kompyutayo, n'kudonthezera mafuta a makina ake osokera pakati pa kafaniko.

Bamboyo pobwera anayatsa kompyuta, n'kutchera khutu. Kunali zii. Anagwada, nasuzumira, kafani kakuzungulira bwinobwino.

"Wakatani kafani kanga?"

"Ndakachiza," anatero Gunvor, akumupatsira fosholo. "Poti umawakonda chonchi makutu angawa, tsopano akufuna amve fosholo ikulira panja."