Mlamu Wanga Wansomba Akupita ku Koleji

Lachitatu masana ndinaima pa siteshoni ya maminibasi, m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka, kudikira katundu amene sanabwere. M'malo mwake ndinaona akutsika mlamu wanga, amake Dalitso, mkazi wa mkulu wanga, atavala diresi la ku tchalitchi pakati pa sabata.

"Ba mulamu," anatero, "banitenga. Niyamba mu Januwale."

Ndi chimwemwe, ndinakhala pa benchi ya mayi wootcha chimanga.

Ndikuuzeni za mayi amenewa. Analowa ntchito pa fakitale ya nsalu ali mtsikana. Makampani atayamba kugulitsidwa, zovala zakale za salaula zitadzaza m'misika, anawachotsa pamodzi ndi anzawo ambiri. Anatenga njinga ya amuna awo nayamba kupalasa kupita ku Chanyanya kukapikula nsomba.

Chaka chatha anamva kuti koleji ina ya aphunzitsi imalandiranso akuluakulu, malinga akhoze mayeso olowera. Mayesowo ndi a Chingerezi, masamu ndi mafunso oyesa nzeru. Umasankha yankho limodzi pa angapo, ndipo nthawi yake ndi yochepa mochititsa thukuta.

Anapita kwa ba Sakala, amene kale ankagwira ntchito mu labotale pa fakitale ya feteleza. Nawonso anachotsedwa. Galimoto anagulitsa, garaja n'kusanduka kalasi yokonzekeretsa anthu mayeso.

Tsiku loyamba ba Sakala anawapatsa mafunso akale, naika wotchi patebulo. Nthawi itatha, mlamu anali asanafike ngakhale pakati. Anakakamira pa funso limodzi la masamu, osafuna kulisiya.

"Amai," anatero ba Sakala, "funso si mwana wanu. Ikakana, muisiye, mupite pa ina. Muzabwelela."

Zimenezo anaphunzira, pang'onopang'ono. Chimene chinatsala pang'ono kuwagwetsa ndi pakamwa pa anthu. Anyamata ndi atsikana a m'garajamo ankasuntha mipando, ati fungo la nsomba. Kumsika anzawo ankafunsa ngati yunifolomu asoketsa kale. Dalitso anabwera kunyumba akulira, anzake atamuuza kuti amake abwerera ku giredi wani. Mlamu anaika mabuku pansi pa bedi, ndipo kwa ba Sakala sanapitenso.

Patapita masiku, ba Sakala anafika kumsika. Sanakalipe. Anakoka chitini n'kukhalapo pafupi ndi thebulo la nsomba, natulutsa wotchi ija.

"Ngati simubwela ku kalasi, kalasi yabwela kuli imwe. Funso yoyamba."

Mlamu akuti anafuna nthaka iwameze. Koma anayankha, uku akukulungira munthu nsomba m'nyuzipepala. Anayankhanso lachiwiri. Msika wonse unamvetsera, ndipo m'mawa mwake mlamu anabwerera ku garaja. Pa tsiku la mayeso enieni anadumpha mafunso ovuta, nabwerera, namaliza onse woyang'anira asananene kuti zolembera pansi.

Tsono ndikufunseni, a ku Kafue anzanga. Kodi chinali choseketsa n'chiyani?

Chichepereni ntchito m'mafakitale tili ndi chizolowezi chimene sindichikonda. Timakhala pakhonde kusimba za kale, za basi ya kampani, za chipatala cha kampani, za phwando la Khirisimasi. Wina akadzuka kuti ayese njira ina, timamukoka malaya. Bambo wa imvi akanyamula botolo m'mawa sitidabwa. Mayi akanyamula buku la masamu timaitanizana kuti tidzaone.

Sindikunena kuti aliyense wopita kwa mphunzitsi wapadera amakhoza. Ena a m'garaja muja sanatengedwe, ndipo alipo aphunzitsi ena m'tauni muno amene amangolonjeza ana athu mapepala a mayeso obedwa. Koma aliponso anthu ngati ba Sakala, odziwa zinthu, amene fakitale inawataya nzeru zawo zikadali zakuthwa. Timawadutsa tsiku ndi tsiku ngati anthu otha ntchito. Ndani anatiuza kuti sukulu ili ndi msinkhu? Ndani anati munthu akachotsedwa ntchito, mutu nawonso wachotsedwa?

Madzulo a Lachitatu lomwelo mkulu wanga anapha nkhuku, ndipo ntchafu zonse ziwiri zinapita kwa ba Sakala. Dalitso anazungulira komboni yonse kuuza aliyense kuti amake adzakhala aphunzitsi.

Dzulo ndikudutsa kumsika, mayi wina wogulitsa tomato anandiitanira pambali. Ndi mmodzi wa aja ankafunsa za yunifolomu.

"Ba kalemba," ananong'ona, ponditchula ndi ntchito yanga yolemba nkhani, "ba Sakala bankala kuti? Nifunsila mwana wanga mukazi."

Ndinawalozera njira bwinobwino, mpaka mtundu wa geti. Sindinawakumbutse kuti ana awo onse ndi amuna.