Chimakina Chofuka cha ku Bilston

Osborne Chikaonda anatha zaka khumi ndi zinayi akuziziritsa zinthu za anthu. Kashedi kake kanali ku Zingwangwa, kuseri kwa chigayo, ndipo firiji iliyonse yodwala m'dera limenelo inkafikira pamenepo, ina pa wilibala, ina pamitu ya anthu. Ankangoika khutu pa kompuresa n'kukuuzani matenda ake musanamalize n'komwe moni. Eni mabutchala ankamutcha dokotala, iye osakana.

Ndiye mkazi wake Rhoda anapeza ntchito yosamalira okalamba ku England, banja lonse n'kusamukira ku West Bromwich. Mmene ankatsika ndege mu Januwale, mphepo itamumenya kumaso, Osborne anangoti mumtima: apa ndiye ndalemba m'madzi. Dziko lonse firiji, ine ndiziziritsa chiyani? Zaka ziwiri ananyamula makatoni mu weyahausi mpaka msana kumalira ngati chitseko chakale. Kenaka mnzake wina wa kutchalitchi anamuuza za ma hiti pampu, makina otenthetsa nyumba amene anthu ayamba kuika m'malo mwa maboyila a gasi. Anakalembetsa kosi. Tsiku loyamba mphunzitsi atatsegula chimakinacho, Osborne anaseka yekha mpaka anzake kumucheukira. Kompuresa yomwe ija, mapaipi omwe aja, fani yomwe ija! Inali firiji basi, kungoti yotembenuza: kuzizira imataya panja, kutentha n'kulowetsa m'nyumba.

Anamulemba ntchito ndi Susan, mayi wosachedwa ndi mawu, mwini kakampani ka mavani atatu. Chaka chathunthu Osborne anangokhala wogwirizira mapaipi anzake akuwotcherera, munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, imvi zili mbuu. Anapirira. Mu Novembala, Susan anamupatsa nyumba yoyamba yoti aike makina yekha n'kusainira dzina lake. Inali nyumba ya Emmanuel, Mmalawi wogwira ntchito ku famase, amene anagula nyumba ku Bilston ndipo anachita kupempha kuti amutumizire Osborne chifukwa amapemphera limodzi.

Ntchito ija anaigwira masiku atatu, mwaukhondo, paipi iliyonse yowongoka ngati yojambula. Chimakina anachikhazika panja, kuseri kwa khitchini. Atamaliza anamufotokozera Emmanuel zonse, m'Chingerezi, poti mawu a ntchitoyi ndi a Chingerezi. Pakhomo la khitchini panaima amayi ake a Emmanuel, mayi Nachisale, amene anachokera ku Dedza kudzalera mdzukulu wa miyezi isanu ndi iwiri kuti mpongozi wawo Zoe abwerere ku ntchito. Osborne anawapatsa moni wa manja awiri, anamwa tiyi wawo, anawafunsa za mvula kumudzi. Za makina sanawauze kanthu. Gogo ndi hiti pampu, zikugwirizana pati?

Patapita sabata, foni.

"Achimwene, nyumba ikuzizira," anatero Emmanuel. "Tikamaweruka timapeza ma radiyeta otenthetsa zipinda ali zii, ngati sitinaike kanthu."

Osborne anapita Loweruka. Anapeza makina akuyenda bwinobwino, nyumba yofunda, iye mpaka kuvula jekete. Anayeza gasi wa m'makinawo, anayeza madzi, anaika khutu pa kompuresa monga mwa chizolowezi chake. Kunalibe matenda. Anabwerera akuimba mluzu. Lachiwiri, foni ina: nyumba ikuzizira.

Apa anatsegula kakompyuta ka makinawo, kamene kamasunga zonse zochitika. Kanaonetsa kuti magetsi amathima cha m'ma naini m'mawa n'kuyakanso cha m'ma folo madzulo. Makina amenewa amatenthetsa nyumba pang'onopang'ono, choncho akagona tsiku lonse, madzulo sangachite kanthu. Koma kuthimako kunali kwachilendo. Masiku ofunda, ayi. Loweruka ndi Lamlungu, ayi. Kunkangochitika m'kati mwa sabata, kukacha ndi chisanu. Aa, makina anji odziwa kalendala? Anasintha swichi ya panja. Zomwezo. Anasintha buleka ya pa bokosi la magetsi. Zomwezo. Anatsata waya yense kuyambira pa mita, chokwawa m'denga, fumbi la zaka zana lili m'mphuno. Sanapeze ngakhale pomwe khoswe analuma.

"Kapena alipo amazimitsa?" anamufunsa Emmanuel.

"Ndani? Masana kumakhala amayi okha, ndipo amayi sakhudza ngakhale rimoti ya TV."

Anawafunsabe eni akewo, mwaulemu. "Mayi, masana simumaona kapena kumva chachilendo pa makinawa?"

"Ayi bambo," anayankha mayi Nachisale, maso ali pansi, akugwedeza mwana kumsana. "Ntchito yanu ndi yabwino. Ambuye akudalitseni."

Mutu wa Osborne unaima. Munthu amene ankachiza firiji ndi khutu lokha tsopano ankakhala pa tebulo ndi mabuku atatu a makinawo, chakudya n'kuzizira. Rhoda ankamuseka kuti mwina makinawo amangomuopa, akamuona amadzuka, akachoka amagona. Tsiku lina, ndikuuzani zoona, anafika poganiza za ufiti. Anawerenga onse amene anakangana nawo ku Zingwangwa, kenaka anadzidzudzula yekha: lichero lingafike ku Bilston popanda viza? Komabe m'mawa mwake anapempherera vani asanailize.

Sabata yachitatu Susan anamuitanira mu ofesi. Zoe anali atalemba kalata yaukali: mwana wayamba kutsokomola, makinawo achotsedwe kapena abwere munthu wodziwa ntchito.

"Ndimakukonda, Osborne, ndiwe wakhama," anatero Susan. "Koma dzina la kampani ndi langa. Likafika Lachisanu usanapeze vuto, ndituma mmisiri mnzako Rowland akayambirenso, ndipo iweyo sindingakusungenso."

Osborne anangoti chabwino. Anatuluka mu ofesimo. Anachita mantha enieni, osati a njala, poti Rhoda akugwira ntchito, koma obwerera ku makatoni atalawa kale kutchedwa mmisiri. Ndipo kutchalitchi akayang'ana bwanji anthu, aliyense akudziwa kuti anazizitsa khanda la Emmanuel?

Lachinayi kunacha ndi chisanu choyera pa magalasi a galimoto zonse. Osborne sanaimbire munthu foni. Anaimika vani pakona, analowa pa kageti ka m'mbali, n'kukhala pa bokosi lake la zida kuseri kwa bini, maso pa chimakina. Anati lero ndichione ndi maso anga chikuthima, olo ndiume pompano.

Naini itangodutsa, fani inaima. Madzi anayamba kudontha pansi, kenaka nthunzi yoyera inatuluka, tolo, kukwera mpaka pa windo la khitchini. Osborne sanadabwe. Kukazizira, kumbuyo kwa makinawa kumagwira ayezi, ndiye amadzisungunula okha kwa mphindi zochepa, nthunzi n'kutuluka, basi n'kupitiriza ntchito. Umo ndi mmene anawapangira.

Chitseko cha khitchini chinatseguka mwakachetechete. Anatuluka mayi Nachisale, atavala chijasi cha mwana wawo chofika m'mawondo, khanda kumsana, m'manja muli beseni. Anayang'ana mpanda wa kumanzere, anayang'ana wa kumanja, ngati munthu wokathyola chimanga cha eni. Kenaka mwachangu chodabwitsa anapotokola swichi ya panja ija, thi, natulutsa bulangete lonyowa m'beseni, n'kuliponya pa chimakina, phwa! Anachifunditsa bwinobwino mpaka m'makona.

"Mayi!"

Beseni linagwa. Mayi Nachisale anagwira pamtima. "Mayo ine! Bambo Chikaonda, mwalowera kuti?"

"Mayi, mukutani?"

"Tsitsani mawu," ananong'ona, akuloza mpanda. "Aneba angamve. Mwaona nokha tsopano. Chikupsa chinthu chanuchi."

"Chikupsa?"

"Simunauone utsi? Kukangozizira chimayamba kufuka. Komanso imani kutsogolo kwakeko mumve, chimauzira mphepo yozizira ngati ya pa phiri la Dedza. Chotenthetsa nyumba chiziuzira chisanu? Penapake munalumikiza mopingasa, bambo. Sikuti ndikunyoza, aliyense amaphonya."

Osborne anayandikira chimakinacho. Anayang'ana bulangete, anayang'ana gogoyo, anayang'ananso bulangete.

"Ndiye masiku onsewa ndinu?"

"Nanga ndikanatani? Golosale ya achimwene anga inapsa yonse pa boma chifukwa cha waya, zinayamba chonchi, kautsi pang'ono. Ine muno ndili ndi mwana wa eni. Ndimazimitsa, ndimafunditsa, chikazizira ndimachotsa bulangete n'kuyatsanso eni nyumba asanaweruke. Loweruka amakhala alipo, ndiye ndimangokhala pa windo ndi ndowa, mtima uli m'mwamba."

"Koma ndinakufunsani, mayi! Bwanji simunandiuze?"

"Pamaso pa mwana wanga? Iih, bambo, ndikuchititseni manyazi m'nyumba ya kasitomala?" Anapukusa mutu, akumudabwa kuti munthu wamkulu sakumva zapafupi. "Emmanuel akanamuuza mkazi wake, mkazi wake akanaimbira abwana anu, inu ntchito n'kutha. Ndinamva kutchalitchi mmene munavutikira kuti muipeze. Ine ndine mlendo kuno, ndipo amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ndimati ndizikubisirani mpaka mudzachipeze nokha cholakwikacho, mukonze mwakachetechete."

Osborne anakhala pansi pa bokosi lija. Anafuna kukalipa, anafuna kuseka, misozi nayo inali pafupi, zonse nthawi imodzi. Masabata atatu osagona tulo, kukwawa m'denga, kukayikira anthu osalakwa a ku Zingwangwa, chonsecho akumubisira cholakwa chimene kunalibe! Anapuma kaye. Kenaka anachita zimene anayenera kuchita tsiku loyamba lija: anawafotokozera m'Chichewa. Anachotsa bulangete, anawaonetsa ayezi wotsalira kumbuyo kwa makina, anawagwiritsa chitsulo kuti amve kuti sichikutentha. Anati uwu si utsi, mayi, ndi nthunzi, ngati ya pa ketulo. Mphepo yozizirayo ndiye ntchito yake, chimatenga kutentha kwa mumpweya n'kulowetsa m'nyumba, zotsalazo n'kutaya kunja.

"Kutentha kwa mumpweya uno?" anafunsa mayi Nachisale, akuyang'ana udzu woyera ndi chisanu. "Muli kutentha muno?"

"Mulimo, mayi. Pang'ono, koma mulimo."

"Ndiye chikafuka ndichisiye?"

"Muchisiye."

"Chifuke?"

"Chifuke ndithu."

Foni inalira m'thumba. Anali Susan, kufunsa kuti vani ikutani ku Bilston pomwe sanamutumeko. Osborne anaima ndi foni kukhutu. Akanena kuti ndi gogoyu, nkhani ikafika kwa Zoe madzulo omwewo, mayi wamkulu n'kuchita manyazi pamaso pa mpongozi. Akapanda kunena, mawa ndi Lachisanu.

"Ndi abwana anu?" anafunsa mayi Nachisale. "Akufuna chiyani?"

"Akufuna adziwe vuto, mayi. Anati ndikapanda kulipeza pofika mawa, ntchito yatha."

"Yatha? Chifukwa cha kuzimaku?"

Sanadikire yankho. Anamulanda foni, naigwira ndi manja awiri, mpaka kupinda maondo pang'ono ngati Susan akuwaona. Anayamba ndi moni, anatchula dzina lawo ndi mudzi wawo, kenaka anafotokoza zonse, za utsi, za bulangete, za golosale ya achimwene awo, m'Chichewa chosasakaniza ndi liwu limodzi la Chingerezi. Anati wolakwa ndine, bambowa musawachotse ntchito, ngati pali chilango mundipatse ine. Uko Susan ankangoti halo, halo, ndani ameneyu?

Osborne analandira foni n'kumasulira. Sanabise kanthu, koma anawonjezera zake. Anati makina alibe vuto, vuto ndi lakuti iye anafotokozera munthu amene amachoka m'mawa, n'kusiya munthu amene amakhala ndi makinawo tsiku lonse. Anapempha kuti mu lipoti alembe zomwezo, ndi dzina lake.

Susan anafunsa kuti, "Bulangete lonyowa?"

"Lonyowa."

"Masabata atatu?"

"Atatu."

"Ambuye wanga. Yatsa makinawo, uonetsetse kuti nyumba yafunda, kenaka upite ku Nuneaton, kuli ina ikukudikira. Za lipoti tikambirana."

Foni inaduka. Osborne anapotokola swichi, fani n'kuyamba kuzungulira.

"Akuti chiyani?" anafunsa mayi Nachisale.

"Akuti ndipite ku ntchito ina ku Nuneaton."

"Ndiye kuti ntchito ilipo?"

"Ilipo, mayi."

Osborne anayembekeza kuti mayiwo asangalala, mwina kululutira kumene. Koma khanda linatsokomola kumsana, kachifuwa kouma, kawiri. Mayi Nachisale analimasula, nalibweretsa kutsogolo, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Anakhala pansi pa sitepe yozizira ya khitchini atalikumbatira m'kati mwa chijasi.

"Masabata atatu mwanayu akutsokomola kumsana kwanga," anatero, "ine n'kumati ndikuthandiza."